Funsani Amakaniko: phokoso la tcheni cha timing ndi tensioner ya njinga yamoto

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akudandaula chinthu chimodzi, phokoso la zitsulo lochokera m'mbali mwa injini. Tasankhapo asanu ndi awiri. Ena tawafupikitsa kuti malo akwane.

Akonzi, ndimayendetsa kabaza pakati pa Mitundu ndi Bunda. Njinga yanga ndi ya 150cc ndipo yatha chaka ndi theka. Masiku ano ndikailiza m'mawa imasokosa ngati mwathira nyemba zouma m'chitini n'kumakhutchumula. Ndikakoka moto phokosolo limachepa, ndikabweza moto limayambiranso. Makaniko wina akuti ndi matapeti, wina akuti ndi tensioner. Ndimvere uti? — Wakabaza, Mitundu

Achimwene, malinga n'kufotokoza kwanuku, wachiwiriyo ndiye wayandikira. Koma musanapisa m'thumba, dziwani kaye chimene chikulira.

Kupatula tcheni cha tayala lakumbuyo, injini yanu ili ndi tcheni china chaching'ono chimene sichioneka. Chimayenda m'ngalande ya m'mbali mwa silinda, kuchokera pa crankshaft, chitsulo chapansi chozunguzidwa ndi pisitoni, kukafika pa camshaft m'hedi, kumutu kwa injini. Camshaft ndiyo imatsegula mavavu, ndipo iyenera kuwatsegula pa nthawi yake yeniyeni, n'chifukwa chake tchenicho amachitcha cha timing. Sipuloketi yam'mwamba ili ndi mano owirikiza kawiri a yapansi, choncho crankshaft ikazungulira kawiri, camshaft imazungulira kamodzi. Mbali yakutsogolo ya tchenicho imakhala yokungika chifukwa injini ikuikoka. Yakumbuyo ndiyo yolobodoka, ndipo kumeneko n'kumene kuli tensioner: kachitsulo komangidwa ndi mabawuti awiri kuseri kwa silinda, kunsi kwa kabuleta. Kamtengo kake kachitsulo kamakankha gaidi yaitali ya pulasitiki yolimba, gaidiyo n'kumatsamira tcheni kuti chisamapupe. Mapini a tcheni akamadyeka, tcheni chimatalika, ndipo kamtengoko kamatuluka pang'onopang'ono kutsatira. Kakalephera kutsatira, kapena kakatuluka mpaka pothera, tcheni chimayamba kumenya makoma a ngalande ija. Nyemba zanu zija ndi zimenezo.

Tengani sikuludiraiva yaitali. Injini ikulira payokha, gunditsani nsonga yake pa injini, chogwirira muike kukhutu. Yambani pa chivundikiro cha mavavu, kenaka m'mbali mwa silinda kumene kukudutsa tcheni, kenaka pa tensioner penipeni. Matapeti, tizitsulo tokankha mavavu pamwamba pa injini, amalira mwaudongo, "tiki-tiki-tiki", mosadumphitsa, ndipo amamvekera pamwamba. Mukawonjezera moto amangofulumira, sasiya. Tcheni chimalira mosokonekera, "tchwa-tchwa-tchwa", pena kuleka pena kuyambiranso, makamaka injini ikamalira motsika kapena pamene mwangobweza moto, poti nthawi imeneyo kulobodoka kumasamuka mbali. Phokoso lakunsi, lolemera ngati wina akugogoda chitseko ndi chibakera, lokula mukamakwera chitunda mutanyamula katundu, si la tcheni ayi, limenelo ndi la bering'i ya conrod, mkono wolumikiza pisitoni ndi crankshaft, ndipo njingayo iimikidwe. Phokoso losiya mukangogwira kilatchi ndi la kilatchi. Lomveka injini ikazizira n'kumazimirira ikatentha nthawi zambiri ndi pisitoni imene yayamba kugwedera m'silinda.

Poti kuona matapeti n'kotsika mtengo, yambirani pomwepo. Injini ikhale yozizira, yogona usiku wonse ngati n'kotheka. Pa njinga zambiri zazing'ono mpata wa mavavu umakhala wa pakati pa 0.05 mm ndi 0.14 mm, wa ekizozi n'kukulirapo pang'ono, koma nambala yeniyeni ili m'buku la njinga yanu, ndipo imayezedwa ndi feeler gauge, timapuleti topyapyala toyezera mpata, osati ndi diso kapena lezala. Matapeti akakhala bwino phokoso n'kupitirira, pitani pa tensioner. Ndipo chonde musalole munthu kuthinitsa matapeti mpaka mpata kutheratu pofuna kuti injini ikhale chete. Vavu yopanda mpata sitseka bwino ikatentha, imapsa.

Akonzi, mnzanga anandiuza kuti njinga yanga ikufunika tensioner yatsopano. Nditapita kokagula, wogulitsa anandiseka kuti injini ya mtundu wanga ilibe chinthu chimenecho. Kodi amandinyoza kapena n'zoona? — Mlimi, Kamwendo, Mchinji

Mwina sanakunamizeni, bambo. Si injini zonse zili ndi tcheni cha timing. Injini ya Honda CG125, imene inatuluka mu 1975, ili ndi camshaft yake pansi, yoyendetsedwa ndi magiya, ndipo mavavu amakankhidwa ndi timitengo tiwiri tachitsulo totchedwa pushrod. Anaipanga dala choncho kuti izipirira m'mayiko amene eni njinga amachedwa kusintha oyilo. Mafakitale ambiri a ku China anatengera injini imeneyi, ndipo njinga zochuluka zimene zili m'misewu ya kwathu kuno, za 125cc ndi 150cc, ndi za mtundu womwewo. Mulibe tcheni, mulibe gaidi, mulibe tensioner. Njinga za two-stroke monga Yamaha DT125 ndi AG100, zija zothira oyilo wina wapadera, nazonso zilibe, poti zilibe n'komwe mavavu a mtundu umenewu. Koma Bajaj Boxer, TVS HLX, Yamaha YBR125 ndi Suzuki GN125 zili ndi camshaft m'hedi, motero zili ndi tcheni.

Kuti mudziwe yanu, suzumirani kuseri kwa silinda, kunsi kwa kabuleta. Ngati palibe kachitsulo kotuluka kokhala ndi mabawuti awiri m'mbali ndi ina pakati, ndipo mukatsegula chivundikiro cha mavavu simukuona sipuloketi koma timitengo tiwiri tochokera pansi, yanu ndi ya pushrod. Phokoso lake lifufuzeni pa matapeti, pa timitengoto ngati tapindika, ndi pa ma rocker apansi, timikono togwedera timene timakhuzana ndi camshaft.

Akonzi, ndikuphunzira umakaniko pagalaja ina. Abwana anga akachotsa tensioner amachita mwachangu moti sindiona bwino, ndipo sakonda kufunsidwa. Ndithandizeni: imachotsedwa bwanji, ndingadziwe bwanji kuti yafa, ndipo imabwezeredwa bwanji? — Wophunzira, Ndirande

Mwafunsa bwino, mwana wathu, chifukwa kachitsulo aka kamawononga injini zambiri pobwezera kuposa pogwira ntchito.

Musanakhudze bawuti iliyonse, ikani injini pamalo otetezeka. Chotsani pulagi. Tsegulani tizivundikiro tiwiri ta kumagineto, kapakati ndi kapamwamba, ndiponso ta mavavu. Zungulitsani crankshaft ndi soketi mbali imene tayala limazungulira njinga ikamapita kutsogolo, mpaka mzere wa chilembo T pa magineto ulunjike ndi kamzere ka pakabowo. T ameneyu amabwera kawiri. Amene mukufuna ndi uja mavavu onse awiri atsekeka, ma rocker onse n'kumagwedera pang'ono mukawagwira ndi zala. Akakhala olimba, zungulitsaninso kamodzi kathunthu. Apa camshaft siikukankha kanthu, ndiye singadumphe tcheni chikamasuka. Kuyambira pamenepa mpaka tensioner itabwerera, crankshaft isagwedezeke, kiki isapondedwe, njinga isakankhidwe ili m'giya.

Ma tensioner odzisintha okha amene mudzakumane nawo kwambiri ndi a mitundu iwiri, ndipo muyenera kuzindikira umene mwagwira. Woyamba ndi wa mano. Kamtengo kake kali ndi timano ngati ta sowo, ndipo pali kachingwinjiri kamene kamakalola kutuluka koma osabwerera. Kumbuyo kwake kuli sipuling'i yaitali yotsekeredwa ndi bawuti yapakati. Pa mtundu uwu yambani n'kumasula bawuti yapakatiyo, muigwire bwino poti sipuling'i imaikankha, tulutsani sipuling'i ndi washa wake, kenaka mabawuti awiri aja. Wachiwiri ndi wopota. M'kati mwake muli sikulu yopotedwa ndi sipuling'i yozungulira ngati ya wotchi. Mukachotsa kabawuti kapakati mumaona kamng'alu m'kati. Lowetsani sikuludiraiva yopyapyala, potani kumanja monga momangira bawuti, kamtengo kadzabwerera m'kati, ndipo mukagwire choncho pomasula mabawuti awiriwo.

Lamulo limodzi ili musaliiwale ngakhale abwana anu atalidumpha. Mukangomasula mabawuti awiri aja, ngakhale pang'ono pokha, tensioner ichoke yonse ndipo kamtengo kabwezeredwe m'kati musanaimangenso. Pamene thupi lake labwerera m'mbuyo, kamtengo katuluka kale kutsatira mpatawo, ndipo sikabwerera kokha. Mukangomanganso mabawutiwo, mphamvu yonse ya sipanala yanu ikupita pa gaidi ndi pa tcheni. Gaidi imatha kuthyoka pomwepo, apo ayi tcheni chimakungika ngati nsambo ya banjo n'kudya mabering'i a camshaft m'masiku ochepa.

Kuyesa kwake n'kwa m'manja. Wa mano uja, kokani kamtengo: kazituluka "kete-kete-kete" mosakakamira. Kakankheni mwamphamvu ndi chala chachikulu pa dzino lililonse, kasabwerere. Kawirikawiri mano amadyeka pamalo amodzi, pamene kanakhalitsa, ndiye mukaona timano tiwiri kapena titatu tanyezimira ndi kubulungira nsonga, kakuterereka pamenepo injini ikamalira. Sipuling'i muiyerekeze ndi yatsopano, ikafupika kapena kupindika yatopa. Wopota uja, bwezerani kamtengo ndi sikuludiraiva n'kusiya mwadzidzidzi. Kayenera kufwamphuka kamodzin'kamodzi mpaka pothera. Kakamatuluka mozengereza, kakaima panjira, kapena kakalowa mukakatsindika pa tebulo, musavutike n'kutsegula m'kati, gulani ina. Sipuling'i yam'katiyo imapotedwa mwa muyeso wake kufakitale ndipo kuibwezera mongoganizira kumabala mavuto ena.

Pali kuyesa kwina kumene ambiri sachita koma ndiko kumanena zoona. Kamtengo kali kotuluka mpaka pothera, lowetsani tensioner m'bowo lake ndi dzanja lokha, osamanga bawuti. Ikaima kudakali mpata wa mamilimita angapo pakati pa thupi lake ndi silinda, ndiye kuti ikadali ndi potambasukira. Ikalowa mpaka kukhudza silinda popanda chokaniza, kamtengo sikakufikanso pa gaidi. Apo vuto lachoka pa tensioner, lili pa tcheni kapena pa gaidi.

Pobwezera, palani gasiketi yakale ndi kuika yatsopano. Silikoni ngati mwaikapo akhale wochepa kwambiri, chifukwa wofinyikira m'kati amakatseka njira za oyilo. Wa mano: tukulani kachingwinjiri, kankhirani kamtengo m'kati monse, mangani thupi lake moyang'ana mmene linalili, kenaka sipuling'i, washa ndi bawuti yapakati. Pomanga bawutiyo mudzamva timano tikulira, ndiye kuti yagwira. Wopota: kamtengo kakhale kogwiridwa ndi sikuludiraiva mpaka mabawuti onse awiri atalimba, kenaka siyani. Mabawutiwa ndi a M6 ndipo amalowa mu aluminiyamu, amangofuna pafupifupi 10 Nm, mphamvu ya dzanja limodzi pa sipanala yaifupi. Mukapitirira, mazinga amatuluka ndi bawuti. Pomaliza zungulitsani injini ndi dzanja kawiri kathunthu, muonenso ngati T ndi mizere ya pa sipuloketi yam'mwamba zikugwirizana. Mukamva yakakamira penapake, musakakamize, bwererani mukaone chalakwika. Zikayenda mofewa, bwezerani pulagi ndi kuliza.

Akonzi, ndili ndi njinga ziwiri zimene anyamata amayendetsa n'kumandipatsa ndalama pa sabata. Imodzi ndaigulira tensioner kawiri m'miyezi inayi, koma phokoso limangoleka sabata imodzi n'kubwerera. Kodi masipeya a masiku ano ndi achinyengo, kapena akundidyera? — Mayi wa bizinesi, Mangochi

Masipeya osalimba alipodi pamsika, mayi, koma tensioner ziwiri kufa motsatizana chonchi sitikhulupirira. Chimene chatha ndi tcheni. Tensioner yatsopano imabwera ndi sipuling'i yamphamvu, imabisa phokoso masiku angapo, kenaka nayonso imapezeka yatambasuka mpaka pothera. Mukugula mankhwala a chifuwa pamene nthenda ili m'mapapo.

Uzani makaniko atsegule kumene kuli sipuloketi yam'mwamba inu muli pomwepo. Tensioner idakali m'malo, atsine tcheni pamwamba pa sipuloketi n'kuchikokera kunja. Chabwino chimangonyamuka pang'ono. Chikanyamuka mpaka theka la dzino kuonekera, chatha. Aikenso magineto pa T: mzere wa pa sipuloketi ukaoneka wotsalira m'mbuyo m'malo molingana ndi mlomo wa hedi, ndi umboni wina. Tcheni chikachotsedwa chimayezedwa. Matcheni ambiri a injini zazing'ono ali ndi mapini otalikirana 6.35 mm, choncho mipata 20, kuyambira pini yoyamba kufika ya 21, imakwana 127 mm chikakhala chatsopano. Chikokedwe bwino poyeza, ndipo chiyezedwe m'malo angapo poti sichidyeka mofanana. Chikapitirira 129 mm ife timati chitayidwe.

Pogula, musagule tcheni chokha. Magaidi onse awiri aonedwe: akakumbika ngalande yakuya, akang'aluka, kapena akauma moti ukawapinda pang'ono amalira, asinthidwe. Tizidutswa takuda ta pulasitiki mu sefa ya oyilo ndi ta magaidi amenewa. Mano a sipuloketi akasongoka kapena kupendekera mbali imodzi, tcheni chatsopano sichikhalitsa pamenepo. Ndipo tengani tcheni chakale popita kusitolo kuti muwerenge malinki ndi kuona mtundu, chifukwa china chimafanana ndi cha njinga yakapalasa chochepetsedwa, china ndi cha timapuleti tambiri tophatikizana, ndipo masipuloketi ake ndi osiyana. Ntchitoyi ndi yokulirapo ndithu. Tchenichi chilibe linki yolumikizira, ndiye kuti chituluke pamafunika kuchotsa magineto kapena za kukilatchi, malinga ndi mbali imene chili, ndipo gaidi yakutsogolo pa injini zambiri imatuluka hedi ikachoka. Magineto amachotsedwa ndi puller, chida chake chokokera. Mukaona munthu watenga hamala ndi tchizulo, tengani njinga yanu. Wina akadzakuuzani kuti adula linki imodzi kuti chifupike, kapena adula chatsopano n'kuchilumikiza pokhoma pini ndi msomali kuti asatsegule pansi, kanani. Pa liwiro wamba la 6,000 rpm crankshaft imazungulira ka 100 pa sekondi imodzi. Pini yokhomedwa pamwala singapirire zimenezo.

Tsono funso lenileni ndi lakuti chatha msanga chifukwa chiyani, ndipo yankho lake pafupifupi nthawi zonse ndi oyilo. Injini zimenezi zimangonyamula oyilo wokwana pafupifupi lita imodzi, ndipo yemweyo ndiye akutumikira pisitoni, magiya ndi kilatchi. Fumbi lolowera pa fyuluta ya mpweya yong'ambika kapena youma, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala, limasakanikirana ndi oyiloyo n'kukhala ngati phala lonolera. Timapini ta tcheni ndi tating'ono ndipo ndi tambiri, tonse timanoledwa pamodzi. Oyilo akachepa, kumwamba kwa injini ndiko kumayamba kuuma. Kwa njinga ya kabaza yoyenda m'fumbi ndi kutentha kwa kunyanja, ife timalangiza kusapitirira 1,500 km mpaka 2,000 km. Mnyamata woyenda 100 km patsiku amafikapo m'masabata awiri kapena atatu, osati miyezi itatu. Gulani wa m'botolo lomata, wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA, wa 20W-50 kapena umene buku lanena, osati woyezedwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu. Sefa yachitsulo itsukidwe nthawi iliyonse, fyuluta ya mpweya itsukidwe kapena kusinthidwa. Ndipo poti njingazo zimayenda ndi anthu ena, oyiloyo muzigula nokha ndi kuonerera akuthiridwa. Ndalama ya oyilo ikaperekedwa m'manja, siyonse imafika mu injini.

Akonzi, makaniko wina anachotsa zam'kati mwa tensioner yanga n'kuikamo bawuti yaitali ndi nati. Phokoso linatheratu, koma tsopano injini ikulira kamluzu. Kodi zili bwino? — Wokwera njinga, Chipata

Sizili bwino, achimwene, wathinitsa kwambiri. Kamluzu kameneko ndi tcheni chikukhula gaidi mwamphamvu ndi mabering'i a camshaft akulemedwa. Musayende nayo mtunda wautali.

Nzeru ya bawutiyo payokha si yamisala. Njinga zina zakale zinkabwera ndi tensioner yosintha ndi manja kuchokera kufakitale, ndipo ochita mipikisano ena amaikonda chifukwa siibwerera m'mbuyo. Kuipa kwake n'kwakuti ilibe sipuling'i yoti iyeze mphamvu, muyeso wonse uli m'zala za munthu. Ngati mukhala nayo kwa kanthawi, isintheni motere. Injini ili pa T uja wa mavavu otseka, masulani nati, bwezani bawuti, kenaka ilowetseni ndi zala zokha, osagwira sipanala, mpaka mutamva yakhudza gaidi. Zungulitsani injini ndi dzanja pang'onopang'ono mukupitiriza kupota ndi zala kuti kulobodoka konse kuthe, kenaka bwezani bawutiyo gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira kwathunthu, ndi kumanga nati mutaigwira bawuti kuti isatsatire. Injini ikatentha pasamveke kamluzu ndipo pasamveke kupupa. Pakati pa ziwirizi, kaphokoso kochepa n'kabwino kuposa kuthina. Nsonga ya bawuti ikhale yobulungira bwino, natiyo iziyang'anidwa nthawi iliyonse yosintha oyilo, chifukwa ikamasuka bawuti imabwerera yonse tcheni n'kudumpha.

Komabe maganizo athu ndi akuti mubwezere tensioner yeniyeni. Bawutiyi, monganso kuika mawasha kapena kampira ka bering'i kuseri kwa sipuling'i, kapena kukoka sipuling'i ndi pulayazi kuti italike, kawirikawiri imaikidwa pa injini imene tcheni chake chatha kale. Phokoso linali kukuuzani zimenezo, ndipo tsopano simudzamvanso chenjezo lina.

Akonzi, njinga yanga inakhala ikusokosa kwa mwezi. Sabata yatha ndikutsika phiri ndinabweza giya, ndinamva "kha!" n'kuzima. Tsopano kiki ikungotsika yopepuka ngati mulibe kanthu. Anzanga akuti tiikankhe ilira. — Wogulitsa mbatata, Bembeke, Dedza

Musaikankhe, bambo, ndipo lekani kuponda kiki. Zikuoneka kuti tcheni chadumpha mano kapena chaduka, ndipo kuzungulitsa kulikonse kukuwonjezera zowonongeka.

Taonani kukula kwa dzino limodzi. Pa sipuloketi ya mano 32, dzino limodzi ndi madigiri 11.25 a camshaft, amene ndi madigiri 22.5 a crankshaft. Tcheni chikadumpha dzino limodzi, njinga imatha kulira koma movutikira, yopanda mphamvu, ikuphulitsa kukabuleta kapena kuekizozi. Chikadumpha awiri kapena atatu, pa injini zambiri pisitoni imakwera vavu idakali yotsegula n'kuimenya. Vavu ikapindika ngakhale pang'ono sitseka, mpweya umathawa, n'chifukwa chake kiki yapepuka. Kubweza giya pa liwiro ndi nthawi imene tcheni cholobodoka chimakonda kudumpha, poti tayala ndilo limakankha injini mwadzidzidzi.

Makaniko achotse pulagi ndi chivundikiro cha mavavu, azungulitse ndi dzanja mosamala. Camshaft ikapanda kuyenda, tcheni chaduka kapena chagwa. Ikayenda, aone mizere pa T. Vavu yopindika imadziulula ndi mpata wa tapeti umene wakula mwadzidzidzi, chifukwa siikubwerera mpaka pamwamba. Hedi ikachoka, aipendeketse n'kuthira parafini m'njira ya kabuleta ndi ya ekizozi: ikadontha kuzungulira vavu, vavuyo yapita. Mavavu opindika sawongoledwa, amasinthidwa, n'kuperedwa ndi phala lake kuti akhale bwino pampando, pamodzi ndi masilo ake atsopano. Aonenso ngati njira ya vavu m'hedi sinang'aluke, ngati rocker sinathyoke, ndi kuya kwa chipsera pamutu pa pisitoni. Gasiketi ya hedi ikhale yatsopano. Pogwira ntchitoyi atseke ngalande ya tcheni ndi kansanza ndipo tcheni achimange ndi waya, chifukwa kabawuti ka sipuloketi kakagwera pansi, ntchito ya tsiku limodzi imasanduka yogawa injini pakati. Tcheni, magaidi ndi tensioner zonse zikhale zatsopano, poti n'zimene zinayambitsa.

Akonzi, ndili ndi kanjinga ka 110cc ka silinda yogona. Ndinkafuna kukhetsa oyilo ndekha, koma nditamasula bawuti yapansi panatuluka sipuling'i ndi kachitsulo kabowo m'kati. Ndinabwezera, tsopano kakusokosa. Ndalakwitsa chiyani? — Mphunzitsi, Nkhotakota

Mwamasula bawuti ya tensioner, aphunzitsi, ndipo si inu oyamba. Pa injini zogona zotengera Honda Cub, pansi pali mabawuti awiri oyandikana. Ya oyilo ndi ya sipanala 17 ndipo imayang'ana pansi molunjika. Ya sipanala 14, yopendekera, chakumanzere, ndiyo imatsekera tensioner. Kachitsulo munakaonako ndi kamtengo kake. Kali ndi kamutu ka labala kumwamba kamene kamakankha mkono wokhala ndi kawilo kotsamira tcheni, ndipo kunsi kwake kuli kavavu ka kampira kosunga oyilo kuti kamtengoko kasamabwerere msanga. Oyiloyo atakhetseka, mwatsala mpweya, ndiye kakudumphadumpha.

Tulutsaninso muone zinthu zitatu. Kamutu ka labala kakhalepo ndipo kasakhale kophwanyika, chifukwa nthawi zina kamatsalira m'bowo kapena kugwera m'fumbi osaoneka. Kavavu kasakhale kotsekeka ndi litsiro, katsukeni ndi parafini. Sipuling'i ilowe bwino: kamtengo kayambe, mutu wa labala kumwamba, kenaka sipuling'i, mbali yake yopyapyala ikuyang'ana kamtengo, kenaka bawuti ndi washa wake. Cha pamwamba pake, m'mbali mwa injini, pali kabawuti kena kakang'ono kokhala ndi washa. Kamasuleni, thiranimo oyilo pang'ono ndi sirinji kuti adzaze kamtengoko, n'kutsekanso. Lizani injini payokha kwa mphindi zingapo osakoka moto, phokoso liyenera kuzimirira. Likapitirira, tsegulani kumagineto muone kawilo ka tensioner, ndiponso kawilo kena ka labala kamene kali pakati pa silinda, komangidwa ndi bawuti yoonekera kunja. Injini zamtunduwu zimagwiritsa mawilo a labala m'malo mwa magaidi ataliatali, ndipo akauma mano ake amathothoka n'kukadzaza sefa ya oyilo, choncho mukawapeza odyeka mutsegulenso kukilatchi mutsuke sefayo musanathire oyilo watsopano.